Lumbiro la M'mwamba

Tsiku limene Loretta Gaither ankalumbiritsidwa kukhala woweruza, woyamba wachikuda m'dera lakwawo ku Mississippi, mpando wa bambo ake kutsogolo m'khoti unali wopanda munthu. Mtima unamuuluka. Mdalayo ndiye ankayenera kugwira Baibulo, ndipo Loretta anali atanenetsa kuti popanda iwo dzanja sakweza.

M'tauni yonse panalibe wosawadziwa a Alphonso Gaither ndi chibwano chawo chokhota. Kale lamulo linkati akuda azilowera khomo la kumbali kwa khoti n'kukakhala pakhonde la m'mwamba, azungu pansi. Iwo ali mnyamata analowera khomo lalikulu n'kukhala phee pabenchi yoyamba, chipewa pabondo. Anawatulutsa mowakhwekhwereza, mano ena n'kutsala pamasitepe. Sanagonje ayi. Anakasuma, mlandu unakwera kumakhoti akuluakulu, mpaka khomo lalikulu linatsegukira aliyense. Amuna otere ndi osowa, ndipo Loretta ankawanyadira kwabasi.

"Lori! Tili kuno!"

Atakweza maso, anaona bambo ake atatsamira chitsulo cha khonde lomwe lija, pakati pa zipewa za azimayi a kutchalitchi.

"Ababa, mukutaninso kumeneko? Si inu munathyoledwa chibwano kuti tichokeko?"

"Ndinabwera kudzatsitsa agogo akowa. Palibe wawatuma, miyendo yawo yangowatengera khomo la kumbali. Ndiye akundikanira!"

"Takwera kale, mwana wanga," anatero Mayi Ozella Pruitt, mmodzi wa azimayiwo, akudzikupiza mphepo. "Mawondo awa sagwira ntchito kawiri pa tsiku. Komanso mayi anga anakhala pano pomwe mchimwene wanga ankaweruzidwa. Ndisiye ndikhale pamalo pawo, ndioneko zabwino."

"Wamva wekha," anatero a Gaither. "Ine sindiwasiya."

Woweruza wamkulu, mzungu wa imvi wodzamulumbiritsa, ananong'ona kuti kalaliki akhoza kugwira Baibulo. Loretta anapukusa mutu. Ukali unamugwira, kenaka chisoni, kenaka anangoseka misozi ili m'maso. Anatenga Baibulo, anakwinya mkanjo wake wakuda, anatuluka panja n'kulowera khomo la kumbali, limene chibadwire anali asanapondepo. Masitepe ake anali opanikiza, matabwa atadyeka pakati ndi mapazi. Woweruza wamkulu anamutsatira ali wefuwefu, pambuyo pake meya ndi maloya, amene anasowa pokhala n'kungoima kukhoma.

Pansi kalaliki analengeza kuti mwambo wayamba. Woweruza wamkulu anatchera khutu, n'kukwinya nkhope.

"Ndakalambira m'nyumba ino," anatero, "koma sindinkadziwa kuti kuno mawu a pansi safika."

"Safika, bwana," anayankha a Gaither. "Chigamulo tinkachidziwa poona amene wagwetsa nkhope."

Analandira Baibulo kwa Loretta, anatambasula manja awo lili pamwamba, n'kuyang'ana mwana wawo m'maso.

"Ndiye iwe ukamaweruza uzikweza mawu, wamva?"

Loretta anaika dzanja pa Baibulo. Analumbira mokweza, moti ngakhale amene anatsala pansi paja anamva liwu lililonse.