Chilombo Chopanda Khosi

Loweruka masana, mwana atangogona, mayi ake anayala mapepala a masewera patebulo. Masewerawo anali a nkhani: iye ankafotokoza dziko ndi zilombo zake, mwamuna wake ndi mlamu wake, mng'ono wa mwamunayo, n'kulowamo ngati asilikali, ndipo dayisi ndi amene ankaweruza ngati lupanga lalasa kapena laphonya. Kale ankawakonda masewerawa. Masiku ano ankasewera khutu limodzi lili kuchipinda.

Kuchipindako, pamwamba penipeni pa kabedi ka mwana, siling'i inali itayamba kutupa. Mizere ya dothi inakwera khoma kuchokera pansi, ndipo m'mawa uliwonse ankakutumula fumbi pabulangeti. Anawauza bambo a mwana mpaka kukamwa kuuma. Yankho silinkasintha: amuuza landilodi akakumana naye.

Tsikulo sanawapatse chinjoka kapena chiphona. Asilikali awiriwo atalowa m'nyumba yachifumu yosiyidwa, anawauza kuti m'makoma mukumveka kaphokoso ngati mvula yamawawa. Kenako khoma linang'ambika, chiswe n'kukhuthuka mpaka kuwafika m'mawondo.

Mlamu anaseka mpaka kutsamwa, akuti alamu atopa, zilombo zawathera m'mutu. Mwamuna wake anaponya dayisi, n'kugwa bwino, ndipo analengeza kuti wachidula khosi. Mayiyo anangofunsa kuti khosi lake liti. Mlamu atati ayatse moto, anamukumbutsa kuti denga ndi lamatabwa ndipo iwo ali pansi pake. Chiswe chinadya mpini wa nkhwangwa ya mlamu, n'kuyamba chishango cha mkulu wake.

"Mayi a mwana, chilombo chimayenera kukhala ndi nkhope," anadandaula mwamuna wake.

"Ichi chilibe. Ndiye mutani?"

Mwamunayo anakanda chibwano. Anafunsa kuti kodi nyumbayo ndi ya ndani m'nkhanimo, ndipo atamva kuti ndi ya mfumu ina yokhala kutali, nkhope yake inamasuka.

"Ndiye tikuvutikiranji? Tiyeni tituluke. Mwini wake adzaona yekha."

Mlamu anawomba m'manja, akuti n'chifukwa chake achimwene anayamba kubadwa. Mayiyo anatembenuza mapepala kufuna lamulo loti atsekere chitseko, koma panalibe, ndipo kubera masewera sanakuzolowere. Anawalola kutuluka. Anawauzanso kuti kunja kunali dzuwa labwino.

Kenako anadzuka n'kulowa kuchipinda. Anayamba kukoka kabedi kaja mwana ali momwemo. Kanakana pakhomo, anakapendeketsa pang'ono, mwana n'kung'ung'udza koma osadzuka. Pabalaza panalibe malo ena oti kakwane kupatula pamene panali tebulo.

"Nyamulani tebulo," anatero.

"Tipite nalo kuti?"

"Kuchipinda. Pansi pa siling'i ija pali malo ambiri. Mwana azigona pano."

Mlamu anatolera madayisi, maso ali pansi. Mkulu wake anayang'ana mwana. Anagwira mbali imodzi ya tebulo, n'kumuuza mng'ono wake kuti asangoti ndwii, agwire inayo.

Mayiyo anakankhira kabedi pakati, kutali ndi makoma onse. Anakhala pansi pambali pake, dzanja limodzi lili pamsana pa mwana, akumva amuna awiriwo akukangana za mmene tebulo lidutsire pakhomo.