Nyali Zinayi za Linus

"Gwirani bwino, a Linus, musanjenjemere ngati mwanyamula khanda la eni," anatero Ackim, mutu uli kunsi kwa bampala, kunja kukuoneka miyendo yokha.

Linus anagwira nyali ya galimoto ndi manja awiri. Inali yaikulu ngati mbale ya alendo, ndipo inzake inali itamangidwa kale mbali inayo. Ackim, makaniko wa pa Chimbiya, anazitola ku Lilongwe komwe kunkagulitsidwa zotsalira za magalimoto akale a boma.

Landirova ya Linus inali nkhalamba. Inkanyamula mbatata ya kachewere ndi kabichi kuchokera m'midzi ya kumapiri kudzatula pamsewu waukulu, ndipo injini yake sinkadziwa kudandaula. Vuto linali nyali. Ziwiri zomwe inabadwa nazo zinkayaka ngati koloboyi wotha mafuta, moti chifunga cha mwezi wa Juni chikatsika, Linus ankayendetsa mutu uli kunja kwa windo, mphuno itauma ndi mphepo. Munthuyu galimoto yake ankaikonda mopitirira muyeso. Akadapatsidwa mpata akadailowetsa m'tchalitchi kuti nayo imve nawo Misa.

Ackim anatuluka, nalumikiza waya ku batire, n'kukhudza swichi. Ngakhale dzuwa linali lisanalowe, khoma la golosale ya patsidya linayera mbee.

"Mwaona? Tsopano yasanduka ya akuluakulu imeneyi," anatero Ackim akupukuta manja. "Anthu azikupatsani okha njira."

Linus anaseka mpaka kuonetsa mano a m'kati. Mawu amenewo anamukoma kwambiri.

Kunyumba anapeza mkazi wake, Clotilda, akusita malaya oyera. Sanali a Linus. Anali oti apite nawo kwa Norbert, mchimwene wake wa Clotilda, yemwe ankakhala kwa mkazi wake kuseri kwa mapiri a ku Kasina.

Norbert kale anali mphunzitsi, wa mawu omveka mpaka kubwalo la mpira. Tsiku lina anthu ena anabwera ndi galimoto n'kumutenga, ndipo m'masiku amenewo munthu akatengedwa choncho abale sankafunsa kuti walakwanji. Patapita zaka anabwerera, wowonda, wosalankhula. Kusukulu sanamulandirenso. Ankangolima kadimba kake, ndipo akamva kulira kwa injini ankazemba n'kukaima kuseri kwa nkhokwe. Chibwerereni anali asanakwerepo galimoto.

Tsopano bambo mfumu a ku Kasina anali atatumiza mawu: pankafunika munthu wodziwa kulemba woti azithandiza mu ofesi ya parishi. Norbert akaonekere Lolemba Misa ya m'mawa ikangotha, chifukwa pambuyo pake bambo mfumuwo ankanyamuka ulendo woyendera mipingo ya kutali, ndipo panali kale wina amene ankaufuna malowo.

"Achimwene avomera kukwera chifukwa ndi inuyo, ndiponso galimoto yanu amaidziwa," anatero Clotilda akupinda malaya aja. "Chonde, bambo a Jesinta, mukawatenge mwaulemu. Ntchito imeneyi ikawaphonya, sindikudziwa ngati adzatulukenso m'dimba muja."

"Ndiye n'chifukwa chake ndagula nyali," anayankha Linus. "Ukufuna ndikawagwetsere alamu anga m'chigwembe?"

"Munawauza kuti mufika dzuwa litatuluka."

"Zimenezo zinali za nyali zakale, mayi. Ndi izi ndikhoza kunyamuka nthawi ina iliyonse. Tikafika ku Kasina mpaka Misa timvera nawo."

Clotilda anangoti, "Kaya," n'kuika malaya m'kathumba.

Lolemba Linus anadzuka tambala atangolira. Kunja kunali chifunga chokhachokha, chozizira mpaka m'mano. Atasiya tala n'kulowa mumsewu wafumbi, anayatsa zonse zinayi, ndipo mtima wake unachita kudumpha. Maenje ankaoneka, miyala inkaoneka, ngakhale mame a pa udzu. Anayamba kuimba nyimbo ya kwaya, chiwongolero akuchimenya ndi zala.

Patsogolo panaoneka bambo wina akukankha njinga yonyamula matumba. Kuwala kutangomugwera, anaitaya njingayo n'kulumphira m'tchire. Patapita kamtunda, amayi awiri osenza mitolo ya ndiwo anatembenuka n'kuima chilili, nkhope atalozetsa kuthengo, mpaka galimoto inadutsa.

"Ackim ananena zoona," anadziuza Linus. "Ulemu wake umenewu!"

Apa ndiye pamene munthu wanzeru akadadzifunsa. Linus sanali woipa mtima, koma chimwemwe cha chinthu chatsopano chimatseka maso kuposa chifunga.

Anatsika chitunda chomaliza kukuyamba kuyera, nakhotera pabwalo la Norbert. Nyali zinamenya nyumba yonse: chitseko, khonde, khasu lotsamira khoma. Panalibe utsi, panalibe mwana wosuzumira. M'nyumba zoyandikana namo munali zii. Linus anasiya injini ikulira kuti alamu ake atuluke adzaone okha kukongola kwake.

Chitseko chinatseguka pang'onopang'ono. Norbert anatuluka atavala malaya awiri ndi jekete pamwamba, bulangeti lopinda lili kukhwapa. Lamba analibe, wotchi analibe, nsapato zinalibe zingwe. Anatseka chitseko kumbuyo kwake mosamala, nayenda kulunjika m'kuwala muja maso atatsinzina. Atafika pafupi ndi bampala anaima, natambasula manja onse awiri, zikhatho ataziphatikiza.

"Ndabwera ndekha, bwana," anatero ndi mawu otsika. "M'nyumba musalowe. Muli ana."

Linus anamva ngati wina wamuthira madzi ozizira kumsana. Nyali zake zinkaonetsa zonse, monga momwe ankafunira: imvi za m'mbali mwa makutu a Norbert, nsapato zopanda zingwe, manja otambasula aja. Dzanja la Linus linasowa swichi, n'kuliza hutala, kenako n'kuipeza. Mdima wotuwa unabwerera pabwalo.

"Alamu! Ndine, alamu! Ndine Linus!"

Anatsika mothamanga n'kugwira manja aja kuti awatsitse. Anali ouma ngati nkhuni. Norbert anamuyang'ana nthawi yaitali osamuzindikira, kenaka anakhala pansi pamame.

Dorika, mkazi wa Norbert, anatuluka mwana ali kumsana, lamba ndi wotchi ya mwamuna wake zili m'manja. Ataona kuti ndi Linus, mantha ake anasanduka ukali.

"Alamu, mwatichita chiyani? Tinaziona zikutsika paphiri paja, zinayi, ziwiri zazikulu pansi. Ndi mmene inalili galimoto ija inabwera kudzawatenga nthawi ijayi! Bambowa atsanzika kale ana. Andiuza ndi kumene ndikagulitse mbuzi."

"Sindimadziwa, mlamu. Ndimati chifunga..."

"Munati dzuwa likatuluka! Dzuwa lake lili kuti?"

Manyazi anamugwira Linus, ndipo chisoni chinaposa manyaziwo. Anatsegula bokosi la zitsulo, natenga sipanala, n'kugwada kutsogolo kwa galimoto. Mabawuti a Ackim anali omangidwa zolimba, ndipo sipanala inaterereka n'kumusupula chala, koma sanaleke mpaka nyali zonse ziwiri zinagwera pansi. Anaziponya kumbuyo n'kuzivundikira ndi chiguduli.

"Taonani, alamu," anatero mofatsa. "Ndi yomwe ija, nkhalamba yanu ya kachewere. Clotilda wakutumizirani malaya, wasita yekha."

Anthu oyandikana nawo anali atayamba kutuluka mmodzimmodzi, atafunda nsalu, osayandikira. Dorika analowetsa mwamuna wake m'nyumba. Patapita kanthawi Norbert anatulukanso atavala malaya oyera aja, lamba ali m'chiuno, nkhope atasamba. Anayenda mpaka pachitseko cha galimoto chomwe Linus anali atatsegula. Anagwira chitsulo, nakweza phazi limodzi. Phazilo linakhala m'malere, kenako linabwerera pansi. Anayesanso. Thukuta linatuluka pamphumi pake m'mphepo yonse ija.

"Mundikhululukire, alamu," anatero. "Mtima ukufuna, koma miyendo ikukana."

Dorika anatembenukira kukhoma n'kuyamba kulira mwakachetechete. Sankalira mantha tsopano. Ankalira ntchito ija, yomwe inkaoneka kuti yapita.

Linus anayang'ana galimoto yake, nayang'ana mlamu wake. Ku Chimbiya kunali anthu omwe anawalonjeza kuti masana awanyamulira kabichi. Anayang'ananso nsapato zake zachikopa, zopukutidwa bwino, zomwe ntchito yake inali kuponda mabuleki basi.

"Kodi ilipo njira yapansi yachidule yopita ku Kasina?" anafunsa Linus.

"Ilipo," anayankha Dorika akupukuta m'maso. "Yodzera kudambo, n'kukwera phiri. Koma ndi mtunda, alamu. Inu simungathe."

"Amene wanena kuti sindingathe ndani?"

Anatseka zitseko za galimoto, makiyi n'kupatsa Dorika. Kenako anatenga jekete la Norbert n'kulikoleka paphewa pake.

"Tsogolani, alamu. Ine njira za miyendo sindizidziwa."

Norbert anamuyang'ana, nayang'ana kanjira kolowera m'minda, ndipo anayamba kuyenda.

Anadutsa m'mizere ya chimanga chokololedwa, mapesi akuwanyowetsa mabuluku. Linus ankapuma ngati ng'ombe yokoka ngolo, ndipo asanafike n'kudambo komwe chidendene chinali chitatupa kale. Norbert ankayenda mofulumira, mapewa akuwongoka pang'onopang'ono pamene mudzi unkatsalira kumbuyo.

Pakamtsinje ka m'dambo Norbert anaima n'kutembenuka.

"Vulani nsapatozo, alamu. Muzimange pakhosi. Ndipo pondani pamene ndikuponda ine, osati pamene mukuganiza inu."

Mawuwo anatuluka okwera, olamula, ngati akuuza ana a sukulu kuti afole. Linus anali asanawamve chibwerereni mwini wakeyo. Anavula nsapato msangamsanga, misozi ikumuyabwa m'maso, ndipo analowa m'madzi ozizira aja osadandaula.

Ali pakati pa phiri, chifunga chinayamba kung'ambika, ndipo kutsogolo, kutali ndithu, kunamveka belu.

"Loyamba limenelo, Misa sinayambe," anatero Norbert osacheuka. "Kokani miyendo, a dalaivala. Mukatsalira ndikusiyani."

Linus anakoka miyendo, akutsimphina, nsapato zikumumenya pachifuwa.