Kaseti ya Thenmozhi

"Inali yowonongeka, Ilango. Nditaiika m'wailesi inkangolira ngati khoswe wopanidwa ndi chitseko."

"Ndi mmene imalirira, achemwali! Si ya makutu anu, ndi ya makina."

"Bwanji sunalembepo? Ine ndikanalota?" Achemwali anga a Valarmathi anapitiriza kupala kokonati osandiyang'ana. Kaseti yanga anali ataijambuliramo nyimbo zachikondi za pawailesi, mbali zonse ziwiri.

Munali mu 1986, kwathu ku Madurai. Nditamaliza sukulu ndinkaphunzira taipi kwa a Sethuraman, amene anali ndi kompyuta imodzi yolumikiza ku kanema wakale. M'chipinda chake tinkalowa titavula nsapato. Ukaizimitsa inkaiwala zonse, choncho ntchito tinkaisunga pakaseti. Aliyense ankapatsidwa mphindi makumi awiri patsiku.

Kwa miyezi inayi, mphindi zangazo ndinkaphunzitsira makinawo kujambula kolamu, chithunzi chokongoletsa pakhomo, ya Thenmozhi, mtsikana wa mpando wakutsogolo. M'mawa uliwonse ankadontheza ufa wampunga pakhomo pawo, kenaka n'kuzunguliza mzere umodzi pakati pa madonthowo, wosaduka. Ndinkadutsapo panjinga ngakhale sinali njira yanga. Ndinali ndisanamuyankhulepo. Lachisanu linali tsiku lake lomaliza kwa a Sethuraman. Ankapita kubanja ku Salem.

Nditamva za kaseti ija ndinathamangira kwa a Sethuraman. "Bwana, maola atatu okha, ndilembenso."

"Malangizo a makina mizere mazana atatu? Pepala unakoperapo lili kuti?"

Ndinalibe pepala. Ankatiuza tsiku ndi tsiku kuti tiziyamba talemba m'kope, koma ine ndinkaona kuchedwa.

"Anzako ali pamzere, mwanawe. Mphindi makumi awiri."

Pofika Lachisanu ndinali nditabwezeretsa madontho okha. Thenmozhi anasuzumira pakhomo kudzatsanzika, nayang'ana pagalasi la kanema uja.

"Bwana, makina anu adwala nthomba?"

A Sethuraman anaseka. Thenmozhi anawagwira mapazi mwaulemu, namangirira chikwama kunjinga, n'kumapita.

Kunyumba ndinapeza achemwali akupeta mpunga, kaseti ija ikuimba.

"Wangoti ndwii ngati wamwa mankhwala owawa," anatero. "Ngakhale akanaona, ukwati ukanatha? Mwamuna wake amagwira ntchito kubanki, iwe njinga njobwereka. Unkafuna chiyani kwenikweni?"

Ndinakhala pansi pafupi ndi lichero.

"Ndinkafuna aime kumbuyo kwanga mpaka mzere utseke," ndinatero, "kenaka andifunse kuti, 'Iwe, pakhomo pathu umadutsa nthawi yanji?'"