Zovala Zachitsulo za Msilikali wa Laston

Mu 2008 mipopi ya ku Kuwadzana inauma, ndipo anthu ankatunga madzi pa mjigo. Munthu ankasiya chigubu pamzere kuti chimusungire malo, koma akasowa nthawi yaitali, anzake ankachikankhira kumbali.

Dolly pochokera kogulitsa kumsika wa Mbare Musika anapeza zigubu zake zitatu zili m'ngalande. Mwamuna wake Laston, amene anamusiya pamzerepo, anali m'nyumba akusewera gemu pa TV, poti magetsi anali atayaka.

"Bambo a Ratidzo, ana amwa chiyani lero?"

"Dikira kaye. Msilikali wangayu wapeza zovala zachitsulo. Ndazisaka sabata yonse. Panopa palibe angamulase."

Asanatseke pakamwa, kamdani kovala sanza ka mu gemumo kanabaya msilikaliyo pachifuwa ndi kampeni. Chitsulo chija sichinatchinge kanthu. Anagwa n'kufa.

"Chitsulo chonsecho, wafa ngati nkhuku," anatero Dolly. "Chongonyezimira basi, ngati amuna ena."

Anazula makina a gemuwo, n'kukawaika kumapeto kwa mzere wa pa mjigo, padzuwa.

"Akusungireni malo ndi amenewa. Tione ngati mungawasiye okha."

Laston anatola zigubu m'ngalande muja, n'kukaima pamzere.