Tsamba la Shuga

A Lameck, mphunzitsi wopuma wa ku Ndunde, anali ndi dikishonale yonenepa ngati njerwa, ndipo ankati mawu onse a Chingerezi kwawo ndi ku Chilatini. Ukati ukupita ku sukulu, ankakuimitsa kuti udziwe "schola". Ukati ofesi, "officium". Anthu ofulumira ankalambalala nyumba yawo.

Tsiku lina pa bawo, a Bakali, telala wa pamsika, anafunsa: "Aphunzitsi, nanga shuga?"

"Chilatini basi."

"Mwaona, kapena mwangomva?"

Bawo inaima. Kwa zaka makumi awiri palibe anawafunsapo umboni. A Lameck analumbira kuti mawa abwera ndi tsamba lake, apo ayi munthu asadzawatchulenso aphunzitsi.

Kunyumba anatsegula bukulo. R analipo, T analipo, S kunalibe.

"Nabanda, S wanga ali kuti?"

"Ndinakulungira zitumbuwa," anatero akazi awo osacheuka. "Nyuzi zinatha. Ndinayambira pakati kuti musadandaule msanga."

M'mawa a Lameck, tayi ili pakhosi, anayenda khomo ndi khomo kwa ogula zitumbuwa. Mayi wina anali atayatsira mbaula. Mkulu wina anali atapichirira fodya, ndipo anayamikira kuti pepalalo limayaka mwaulemu.

Masana anafika kwa a Bakali chimanjamanja. Telalayo anatsegula kabati ya makina natulutsa pepala lamafuta, losita bwino.

"Ndinagula ziwiri Lachiwiri. Ndinkawerenga ndikudya."

A Lameck anavala magalasi, chala chikutsata mzere. Angerezi anatenga mawu oti shuga kwa Afalansa. Kumbuyo kwake Chilatini chinalipo ndithu, mtima wawo unakhala pansi. Koma mzere sunathere pomwepo: Chilatinicho chinachita kutenga ku Chiarabu.

"Ndiye kuti azungu anu akalewo nawonso ankapempha shuga kwa aneba," anatero a Bakali.

A Lameck sanawamve. Anali atayandikiza pepalalo kumphuno. Pambuyo pa Chiarabu panalembedwa kuti nachonso chinatenga kwina, koma pamenepo ndi pomwe a Nabanda anang'ambira.

"Nanga Aluyawo anatenga kwa yani?"

"Ine ndimati inu mundiuza."

"Anagula pambuyo panu ndani?"

"Angella wa tomato. Koma ali ndi mbuzi."

A Bakali anavundikira makina awo ndi nsalu, natulutsa njinga.

"Kwerani, aphunzitsi."