Mzere wa pa Mwendo

Dokotala anatulutsa pentopeni m'thumba la malaya, natsekula chivundikiro chake ndi mano. Anagwira mwendo wa telala ngati munthu wosankha thabwa, nalemba mzere wakuda kuzungulira katumba, kumunsi kwa bondo. Mkazi wa telala anali chiimire kumapazi kwa bedi, nsapato imodzi ya mwamuna wake ili m'manja. Mawu a dokotala ankangomudutsa. Chimene chinamufika ndi fungo la inkiyo, fungo lomwe lija la kuntchito kwake, kusitolo ya zomangira nyumba, kumene ankakhalira kulemba pa makatoni a misomali.

Matenda a shuga anali atadya phazi, ndipo mwendo unayenera kudulidwa mawa lake. Koma makina ogonetsera odwala anawonongeka, choncho anauzidwa kuti akadikire kunyumba, adzaitanidwa. Namwino anawapatsa mapiritsi, mabandeji ndi botolo la sipiriti, nanena ali m'kati motuluka kuti mzerewo asauchotse.

Kunyumba mkaziyo anakokera bedi pafupi ndi zenera, moyang'anana ndi makina osokera amene anali atawavundikira ndi nsalu. M'mawa uliwonse ankamusambitsa ndi thaulo lonyowa, kulambalala mzerewo. Telala ankaseka yekha, kunena kuti moyo wake wonse wakhala akulemba nsalu za eni ake ndi choko, lero alembedwa ndi iye, ndipo wolembayo alibe ngakhale tepi. Mkaziyo ankangofinya thaulo.

Inki ya pentopeni sichoka pa chidebe. Zidebe za m'nyumbamo anazilemba ana asanakule, ndipo zilembo zinali zikadalipo ngakhale ana anachoka kale. Koma khungu si chidebe. Limatuluka thukuta, limafundula. Mzere unayamba kutuwa, kenako kuduka apa ndi apo, ndipo kuchipatala kunali zii.

Tsiku lina mkaziyo anapempha pentopeni kwa abwana ake, nabwera nayo kunyumba. Anakhala pampando, nanyamula mwendowo kuuika pamiyendo pake kuti adutsitsenso inki pomwe panali pakale.

“Amayi,” anatero telala ndi mawu apansi, “tatsitsaniko pang'ono.”

Mkaziyo anamuyang'ana.

“Telala wabwino sadula pamzere penipeni. Amasiya kansalu kopindira.”

Anafotokoza pang'onopang'ono, ngati akunyengerera kasitomala. Anati anamva kwa mnzake wa pabedi loyandikana kuti chotsalira chikakhala chachitali, mwendo wopanga umagwira bwino, munthu n'kumapalasa makina ngati kale. Anati dokotala amalemba miyendo yambiri, sangakumbukire wake. Mkaziyo anatsekula pentopeni. Anayeza chala chimodzi kutsika, nalemba. Kenako anathira sipiriti pathonje n'kupukuta mzere wakale. Ankadziwa kuchokera kuntchito kuti inki imeneyi imasungunuka ndi sipiriti, pakuti ndi momwemo amaisungunulira poipanga. Sipiriti akauma pamatsala mtundu wokha utamatirira. Mzere wa dokotala unachoka wonse, kutsala thonje lakuda.

Kuyambira pamenepo zinasanduka chizolowezi. Mzere ukatuwa, telala ankangoloza ndi mlomo, ndipo mkaziyo ankatsitsa. Mwamunayo anayamba kudya bwino. Anapempha kuti makina avundukulidwe, athiridwe mafuta, asachite dzimbiri. Mlamu wake wa mkaziyo atabwera kudzazonda, anati achimwene ake akuoneka anyamata, mwina achipatala anangofulumira.

Koma amene ankamasula bandeji ndi mkaziyo. Ankaona kuda kwa phazi kukukwera, kupitirira kakolo, ndipo mzere wake nawo unkatsika kukakumana nako. Ankayang'ana zonsezi monga mmene munthu amayang'anira madzi akudontha padenga la nyumba ya eni. Ankamanga bandeji yatsopano, kusamba m'manja, n'kupita kukalemba makatoni.

Foni italira kuti abwere, telala anavala malaya amene anasoka yekha. Kuchipatala anamugoneka m'chipinda chomwe chija. Dokotala sanafunse za mzere, mwina sanauone n'komwe. Anadina khungu ndi chala chachikulu, kukwera pang'onopang'ono, akufunsa ngati pakumveka. Telala ankayankha kuti eya msangamsanga, nthawi zina chala chisanafike. Dokotala anamuuza kuti atseke maso, nayambiranso. Apa mayankho anachepa.

Kenako anatenga thonje, napukuta ntchito yonse ya mkaziyo ndi dzanja limodzi. Anatsekula pentopeni ndi mano, nalemba mzere watsopano pamwamba pa bondo.

“Adokotala,” anatero telala, akuyesa kumwetulira, “apatu mwapitirira muyezo.”

Dokotala anafotokoza mofatsa kuti magazi sakufikanso kumunsi, ndipo akadula pansi bala silingapole. Anati nthawi yodikira ija ndiyo yawalanda bondo. Telala anatembenuza mutu kufuna maso a mkazi wake. Iye anali kuyang'ana thonje lakuda m'kambale kachitsulo.

Telala atatengedwa pa kabedi kamatayala kupita kukadulidwa mwendo, namwino anapatsa mkaziyo jumbo yoti aikemo zovala za wodwala, nati alembepo dzina kuti isasokonekere. Anayamba kufufuza cholembera m'matumba, koma mkaziyo anati asavutike, ali nacho. Anakhala pabenchi m'khonde, nayala jumboyo pabondo, nalemba dzina la mwamuna wake ndi zilembo zikuluzikulu zoongoka, monga za pa katoni. Anadikira kuti inki iume. Anapinda malaya ndi buluku, naziika m'kati.

Panatsala nsapato. Anazigwira kwa kanthawi, ina dzanja ili, ina dzanja ilo, kenako anafunsa namwino ngati aikemo zonse ziwiri.