Kadiso ka Malemu Feresoni

1.
Phwa. Phwa-phwa.

Nagama anaponya khasu pakhomo nathamangira m'nyumba. Thireyi inali itapendekeratu, mazira akugubuduka, mota ikulirabe ngati mbuzi yomangidwa pa njinga. Anazula waya wa batire. M'dzira lina losweka munali kale kamwanapiye, kakutukula mwendo.

Sichiima. Chinthuchi sichiima.

2.
Chinthucho ndi chofungatira mazira. Anachipanga yekha malemu mwamuna wake, Feresoni: filiji yakufa, babu lotenthetsa mkati, mota ya waipa ya minibasi yotembenuza mazira. Kumbali kwake, chakunja, kuli kadiso. Kapulasitiki kakuda kokhala ndi mpata ngati mano a mwana wogweluka. Thireyi ikapendeka mokwanira, kalilime ka chitini kamalowa mumpatamo, kuwala n'kuduka, mota n'kuima. Anamufotokozera kamodzi kokha, sikuluu ili kukamwa.

Feresoni ali moyo silinaswekepo dzira.

3.
Alamu, chakukanani chimenechi.

Amenewo ndi a Witimani, akulu ake a malemu, atadzisankhira okha mpando wa khushoni.

Chitsulo chimakana munthu?

Mwini wake sanakondwe kumene aliko. Za amuna zimafuna amuna. Loweruka ndibwera ndi ngolo, chikakhale kwathu.

Mukachiike pafupi ndi njinga munatenga pamaliro ija?

Alamu, pakamwa.

Pakamwapa ndi panga. Ana a mng'ono wanu akudya anapiye amenewa. Akuvala anapiye amenewa.

Ndati Loweruka. Ndikachipeza chikuswabe, chikwera ngolo.

4.
Zimene anayesa:
kupukuta kadiso ndi nsonga ya chitenje
kukauzira
kuwongola kalilime ndi pulayala
kupota mawaya onse ndi mano
mafuta ophikira pa mota
kuchimenya khofi
kutukwana
kutukwananso, ulendo uno mpaka mfunda wa eni ake

M'mawa chimamva bwinobwino. Dzuwa likangopendeka, sichiima.

5.
Kachingwe wokonza mawailesi pamsika anabwera masana ndi mita yake yachikasu naima patsogolo pa kadiso ndi chimsana chake chonga chitseko cha tchalitchi nati yatsani mayi ndiye Nagama kuyatsa thireyi kupendeka kalilime kulowa mota zii nati bwerezani kubwereza zii bwerezaninso zii ndiye mwati chikudwala chiyani mayi Nagama nati chimaswa iye nati apa chaswa chiyani komabe poti ndabwera kale tisinthe kadisoka ndili ndi kena ndinachotsa mu pulinta nasintha namwa thobwa mbale yonse nati kapena mumachiyatsa molakwika amayi mumakhala ndi phuma nakwera njinga yake ndipo fumbi lake lisanakhazikike n'komwe

phwa

6.
Iwe Feresoni.

Ngati ndi iwe, nena. Ndinakugonera pansi kuchipatala mpaka nthiti kuwawa. Ndameta. Zakuda ndavala, kutentha konseku. Abale ako adya nkhuku zanga n'kumandiuza kuti ndisamalire mokweza. Chatsala n'chiyani? Ukufuna mazira? Dzuka udzakazinge wekha.

Sichiima, ukumva? Chako chija sichiima.

7.
Lachisanu masana sanapite kumunda. Anachotsa mazira onse, nawafunditsa bulangete, naikamo zitsononkho. Anayatsa, manja m'chiuno. Lero undiswere pamaso.

Kupendeka. Zii.

Kupendeka. Zii.

Anapita kukamwa madzi. Ali pamtsuko, mota inayambanso kulira ngati mbuzi ija. Anabwerera chothamanga, ndipo asanagwire waya, zii.

Anasuntha. Kulira. Anabwerera. Zii.

Tsitsi lometalo linachita nyaunyau. Chikundiona ichi. A Witimani aja ananena zoona?

Poweramitsa mutu kuti apemphere ndi pamene anaona pachitenje pake mzere wa dzuwa, wochokera pawindo. Anasuntha pang'onopang'ono. Mzerewo unachoka pachitenje n'kukagwera pakadiso penipeni. Kalilime kalowa kale mumpata, koma dzuwa likuwalirabe cham'mbali, kadiso n'kumati kalilime sikanafike.

Kuthobwa. Kanthuka kamangothobwa m'maso ndi dzuwa.

Anang'amba katoni ya sopo, naipinda ngati chipewa, naimangirira ndi mphira. Anapita mpaka panja.

Zii.

8.
Mwakonzetsa kwa yani, alamu?

Ndapepesa kwa eni ake.

Munanena chiyani?

Za banja.

A Witimani anaima mpaka miyendo kutopa, kudikira kuti dzira limodzi lokha lisweke. Ng'ombe zinadya mpanda. Ngolo inabwerera ikulira zitsulo.

9.
Koma dikirani. Feresoni ali moyo, dzuwa kunalibe?

Masiku amenewo Nagama ankamuitana: Bambo a Mwaiwawo, tiyeni kumunda.

Sindingachoke pano masana. Makinawa amafuna ine.

Akufunani chiyani? Mumayamwitsa?

Sungamvetse.

Masana alionse, pakampando, pakati pa windo ndi filiji. Nagama anauza mpingo wonse kuti anakwatiwa ndi mlesi wabodza. Lero akuona kuti bodza panalibe. Makinawo ankamufunadi. Iyeyo, kapena katoni ya sopo.

Ndiye munthu wodzutsa filiji yakufa, wolankhulitsa waipa ya minibasi, n'kulephera kuganiza za katoni?

Nagama anatulutsa kampandoko kunsi kwa bedi, nakaika m'maenje ake amene anali akadalipo padothi, nakhalapo. Dzuwa linamuotcha phewa. Anatembenuza khosi. Pawindopo munda wonse unali poyera, kuyambira pachulu mpaka kumalire, mzere uliwonse umene anaunga yekha, ngakhale mthunzi wa mango pomwe ankawongolera msana.

Ndiye unkandionerera. Tsiku ndi tsiku, unkandionerera.

Galu iwe.